Nyanda za a Buyungo

"Ndiye mukuti mkamwini wanga ndidzamulandirire m'khitchini muno, pamodzi ndi nkhuku?" anafunsa Nanteza uku akukankha beseni ndi phazi kuti lilandire madzi odontha kudenga.

"Nkhuku zake ziti, mkazi wanga? Yatsala imodzi, nayonso ikungodikira tsiku lake," anayankha a Buyungo ali chigonere pamphasa. Khitchiniyo inawachepera, moti mapazi awo anali panja.

"Musandiseketse ayi. Kwatsala masabata atatu. Azakhali ake a Lunkuse atumiza mawu kuti akuchimuna atopa nafe. Chinkhoswe tachisuntha kawiri. Tikachisuntha kachitatu, mnyamata uja amupezera wina ku Kalisizo, mwana wanu adzakalambira kwa azakhali ake akusenda nthochi za eni."

"Ndamva."

"Mwamva, mwamva. Miyezi isanu ndi iwiri mukungomva. Nyumba munamanga ndi khofi wa zaka khumi ija mukugona anyamata okwera pabedi ndi nsapato, mwiniwake mapazi ali pamvula."

Nyumbayo inali pomwepo, kutsidya kwa bwalo, ndi malata ake makumi atatu. Pakhonde panali patayanikidwa malaya a mawangamawanga. Asilikali asanu aja anabwera ndi nkhondo kuchokera kutsidya kwa malire, nathamangitsa mdani amene tonse tinkamuopa. Ife a ku Bukaala tinawavinira, tinawatcha Aomboli, ndipo Nanteza yemweyu anawalulutira mpaka mawu kusasa, n'kuwaphera tambala. Nkhondo inatha, iwo osachoka. Amati mlendo ndi mame, koma mame awa dzuwa linawalephera. Tsiku limene mkulu wawo, Sajeni Chibago, anafunsa zaka za Lunkuse, Nanteza anamutumiza mwanayo kwa azakhali ake dzuwa lisanalowe.

"Bwanji osachitira chinkhoswecho pansi pa mtengo wa mango?" anatero a Buyungo.

"Mwakalamba kapena mwaledzera? Inu pokanditenga kwathu anakudyetserani pansi pa mtengo? Mkamwini amalowa m'nyumba ya apongozi ake, amatafuna khofi mmenemo, amadya mmenemo, ndi pamene amati wabadwa m'banjamo. Mukufuna wathu abadwire pamtetete ngati mbuzi?"

"Mayi a Lunkuse, khoswe akakhala pamkhate sapheka."

"Mkhatewo ndi wanga, ndipo ndikuufuna. Mawa muvale mkanjo wanu mukalankhule naye Sajeniyo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

"Zitseko zake ziti? Ziwiri anawaza kale nkhuni."

Komabe m'mawa mwake a Buyungo anavala mkanjo woyera, natenga kadengu ka khofi wotafuna, n'kudutsa bwalo lawo lomwe ngati munthu wopita kukapempha moto kwa eni. Nanteza anakhala pakhomo pa khitchini akusenda nthochi, makutu ali tcheru. Chiswahili cha asilikaliwo tonse tinkachida, poti chinali chilankhulo cha mfuti, koma njala ya mchere inali itatiphunzitsa ndithu.

Sajeni Chibago sanali munthu wolusa ayi. Anali mnyamata wamtali, wowonda, wa kudera louma kutali uko, ndipo khofiyo anatafuna mwaulemu.

"Madala, nkhani yanu ndaimva," anatero. "Koma lamulo loti tichoke silinabwere. Mukuganiza kuti ine ndikukondwa kuno? Mwana wanga anabadwa ndili kunkhondo, mpaka lero sindinamuone. Tinakuombolani, madala. Tsiku limodzi la ukwati lingapose zimenezo?"

"Ayi, bwana, sitiiwala. Kungoti mwana wamkazi..."

"Ndiye abwere adzachitire pano, tidzavine nawo. Ali kuti kodi masiku ano?"

A Buyungo anatsokomola kwa nthawi yaitali. Ali mkati motsokomolamo, msilikali wina anatuluka m'nyumba atanyamula mtolo wokulungidwa bwinobwino ndi makoko ouma a nthochi. Anali ataupeza kudenga posaka mazira. Ataumasula, munatuluka nyanda zisanu, nsalu za makungwa a kachere, zofiira ngati dothi la kumunda, zofewa ngati khutu la mwana wa ng'ombe.

"Taonani madala awa," anaseka Sajeni akudzifunditsa imodzi. "Ife tikufa ndi kuzizira kwa dziko lamvulali, iwo abisa mabulangete kudenga. Titenge, eti madala?"

Nanteza anaona mwamuna wake akutsegula pakamwa, kenaka akuyang'ana mfuti imene inatsamira chipupa.

"Fundani, bwana," anatero a Buyungo.

Atabwerera kukhitchini, Nanteza anali atakonza kale mawu ake, ndipo sanawasunge.

"Ndinakutumani kukatenga nyumba, inu mwakapereka nsalu za maliro anu omwe. Mawa ndikakutumani kumadzi mudzabwera mutagulitsa chitsime."

Koma atawayang'ana anasiya. A Buyungo anali akulira, misozi yeniyeni. Kuno kwathu munthu amapita kumanda atakulungidwa m'nyanda, ndipo a Buyungo ndiwo ankakonzera mudzi wonse. Zisanu zimenezi anali atadzisankhira okha pa zaka zisanu ndi chimodzi, kuchokera ku mitengo imene anabzala atate awo, akumenya khungwa lililonse ndi zibonga zawo za mizeremizere mpaka mapewa kuwawa.

"Ndidzapita ngati galu, mayi a Lunkuse. Ine, amene ndaveka akufa onse a m'mudzi muno."

"Nanga bwanji simunamuuze kuti ndi za akufa?"

"Kumuuza munthu wa mfuti kuti wafunda za kumanda? Akanati ndikumulodza. Bwenzi pano mukundifunira nyanda ina."

Sabata yotsatira inali yoipa. Aomboli anadula mikoko ya nthochi imene Nanteza ankasungira mowa wa chinkhoswe. Pamsewu wa kumsika anaika chipika chotchinga njira, ndipo mchere uliwonse wodutsa pamenepo unkachepa ndi theka. A Buyungo anasiya kudya, chifuwa chinawagwira, ndipo ankayenda ngati munthu wosenza mwala.

Nabbosa, mayi wamasiye wa kutsidya kwa njira, ndiye anayamba kunena poyera. Mayi ameneyu anali ndi mawu omveka mapiri atatu, ndipo maliro amene iye sanayambitse kulira sankaoneka ngati maliro.

"Mnzanga, amuna akowa sakhalitsa," anatero kwa Nanteza tsiku lina kuchitsime. "Ndawaona dzulo, maso alowa. Ukonzeke."

"Pakamwa pakopo, Nabbosa. Iwe ukugona m'zipinda zitatu wekhawekha, ukunenepa, ndiye ukulosera anzako maliro."

"Ine Aomboli anandilambalala. Anati kwanga n'kutali ndi msewu. Umasiye nawo uli ndi mwayi wake."

Lamulungu, kutatsala masiku asanu ndi limodzi, a Buyungo analawirira kumapeto kwa munda wa khofi, kuseri kwa phiri, kukasenda khungwa latsopano. Anati ngakhale imodzi yokha aipeze imfa isanawapeze. Asilikali anayi anapita kuchipika chawo. Sajeni anatsala, malungo atamugwira kolimba. Anameza mapiritsi, natsirapo kachasu, n'kugona pamphasa pakhonde kuti aothere dzuwa. Poti ankanjenjemera, anadzikulunga m'nyanda yofiira koposa ija kuyambira kumapazi mpaka kumutu, osasiya ndi mphuno yomwe.

Nanteza anali kuchitsime pamene anamva mawu a Nabbosa akung'amba mudzi.

"Mayo ine, a Buyungo atisiya! Ndinanena ine!"

Mtsuko unagwa n'kusweka. Nanteza anathamanga, poganiza kuti mwamuna wake wagwa kumunda kuja ndipo amunyamula. Pofika pakhomo anapeza theka la anthu ochokera ku Misa litadzaza bwalo. Pakhonde panagona mtembo m'nyanda, ndipo nyanda imeneyo aliyense ankaidziwa mwiniwake.

Anayang'anitsitsa. A Buyungo anali munthu wamfupi, koma mtembo uwu unadzaza mphasa n'kutsalako. Pambali pake panali nsapato zachisilikali zitayanikidwa. Mtima unabwerera m'malo mwake, ndipo anatsegula pakamwa kuti awauze anthu kuti alakwitsa.

Koma maliro kwathu sadikira chilolezo, ndipo salabadira kuti m'nyumba mukugona ndani. Amuna anali atayamba kale kukoleza moto pakati pa bwalo. Amayi anali atalowa m'nyumba, akutulutsa zikwama za asilikali, mabotolo ndi mafupa a nkhuku, ena akuyala udzu pansi kuti olira akhalepo. Nanteza anaona tsache likuyenda m'nyumba mwake koyamba pa miyezi isanu ndi iwiri. Anatseka pakamwa paja. Kenaka anapatsegulanso, n'kugwa m'manja mwa Nabbosa.

"Nyumba yanga ine, mayo. Mwana wanga Lunkuse ine. Nkhuku zanga, zitseko zanga, ndatsala pamtetete ine."

Mulungu ndi mboni, sananame ngakhale liwu limodzi. Ndipo misoziyo sanachite kuifuna, inali itadikira nthawi yaitali.

A Sonko, mng'ono wake wa a Buyungo, anafika thukuta lili kamukamu. Analira pang'ono, napukuta maso, n'kunong'oneza Nanteza: "Alamu, zibonga za akulu anga zija zili kuti? Ndizisunge ine, pamaliro pamabwera anthu osiyanasiyana." Asanayankhidwe anali atazipeza kale, ndipo analamulanso kuti nkhuku yotsala ija iphedwe.

Amuna anayi ananyamula mtembo kuulowetsa m'nyumba. Wina anati a Buyungo atalika nayo imfa. Mtembo unabuula, koma a katekisiti anati ndi mpweya wotsalira, zimachitika. Atauika pakati pa chipinda, Nabbosa anatenga khoko lonyowa la thunthu la nthochi kuti apukute pamphumi pa malemu monga timatsanzikirana nawo, navundukula kumutu.

Maso awiri ofiira anamuyang'ana.

Nthawi yomweyo pakhomo panaima a Buyungo, mpukutu wa khungwa uli pamutu, akufunsa kuti, "Kodi wamwalira ndani pakhomo panga?"

Zimene zinachitika pamenepo anthu a ku Bukaala amakanganabe mpaka lero. Ena anatulukira pawindo loti mwana sangakwanepo. A katekisiti anapezeka m'munda wa nthochi, buku la nyimbo lili m'kamwa. A Sonko anathawa ndi zibonga zomwe.

Koma kuseka kunatha msanga. Sajeni anali atagona ndi mfuti yake m'nyandamo, ndipo anadzuka nayo m'manja, akunjenjemera, thukuta lili chuchuchu. Amene analephera kuthawa anangoima pamene anali. Nanteza anadziwa kuti mlandu ndi wake, poti nkhaniyi akanatha kuiletsa kale ndi liwu limodzi. Anagwada monga amagwadira mkazi wa kuno polankhula ndi mlendo.

"Wafa ndani?" anakuwa Sajeni.

"Inu, bwana. Takulirani kuyambira Misa itatha."

"Ine? Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa cha chimene mwafundacho. Kuno ameneyo si bulangete. Ndi nsalu yokulungira mtembo. Zisanu zija amuna anga anasungira maliro awo."

Sajeni anayang'ana nyandayo, kenaka anaikutumula ngati muli njoka. Analoza a Buyungo ndi mfuti.

"Iwe madala, unkadziwa, osandiuza. Masabata awiri ndikugona m'nsalu ya kumanda."

A Buyungo anatsitsa mpukutu wawo pang'onopang'ono. Kaya kulimba mtimako anakutenga kuti, mwina munthu akaliridwa kale saopanso kanthu.

"Munandifunsa, bwana? Munafunsa za tambala, za zitseko, za nyumba? Munthu wa mfuti akatenga chinthu, ife timangoti zikomo. Ndi mmene takhalira ndi amene munawathamangitsa aja, ndi mmene tikukhalira ndi inu."

Mfuti ija inatsika pang'onopang'ono, ndipo Sajeni anakhala pansi paudzu wa olira. Ankaoneka ngati mwana wa sukulu.

"Nkhondo yonse chipolopolo sichinandikhudze," anatero motsitsa. "Ndife ndi nsalu, mwana wanga ndisanamuone?"

"Malungowa anayamba liti, bwana?" anafunsa Nanteza.

"Sabata yatha."

"Mutayamba kale kufunda."

Sajeni anagwedeza mutu. "Mayi, pali mankhwala ake?"

"Alipo, ndipo salira ndalama. Kuno kwathu munthu woliridwa ali moyo sagonanso pansi pa denga limene anamulirira. Imfa yalidziwa khomo, ikabweranso sidzafunsa njira. Iye ndi onse amene anafunda naye amachoka dzuwa lisanalowe."

A Buyungo anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu, anali ataika anthu osawerengeka, koma mwambo umenewu anali asanaumvepo chibadwire. Anatsegula pakamwa. Nanteza anawatsina pachidendene pomwe anagwadapo.

"Ndi mwambo wakale kwambiri," anatero a Buyungo. "Achinyamata ambiri saudziwa."

"Wakalekale," anavomera a katekisiti pawindo. Ndipo mudzi wonse, umene unali utayamba kubwerera mmodzimmodzi, unagwedeza mitu. Maliro n'kulirana.

Dzuwa lisanalowe asilikali asanu aja anali atasamukira pakhonde la sitolo yakale kumsika. Nyanda zinabwezedwa zonse zisanu, atazinyamulira kunsonga kwa ndodo. Nkhuku ija inali itapsa kale, choncho anthu anaidya, poti ya pamaliro sibwerera m'khola.

Masiku asanu otsatirawo Nanteza sanakhale pansi. Nyumba inali yakuda ndi mwaye, pansi pali maenje, lata limodzi litabooledwa ndi chipolopolo cha munthu amene ankalasa khoswe. Anazira, anatsuka, anapempha nthochi za mowa kwa anansi. A Buyungo chifuwa chinatha chokha, ndipo ankadya ngati dzombe, koma anali ndi dandaulo limodzi.

"Ndamva kuti a Sonko analira pang'ono pokha. Ndipo zibonga abweza zitatu, zinali zinayi."

"Thokozani kuti mwaonera maliro anu muli maso. Ena samva n'komwe amene anawalira."

"Nanga iwe unalira chiyani? Akuti unkatchula nkhuku ndi zitseko, dzina langa osalitchula."

"Mukadzafa zenizeni ndidzakutchulani, musadandaule."

Loweruka kunacha ndi mvula, koma inakata akuchimuna asanafike. Lunkuse anabwera ndi azakhali ake, atanenepa, akuwala, moti Nanteza anachita kumuzungulira kawiri. Mkamwini analowa m'nyumba ya malata makumi atatu, anatafuna khofi, anadya nthochi zophikidwa m'masamba, ndipo a Buyungo ananena pamaso pa onse kuti mnyamatayu wabadwa m'nyumba muno. Mpongozi wamkazi saonana maso ndi mkamwini, choncho Nanteza anakhala kuchipinda. Poti chitseko chinapita ndi moto wa Aomboli, pakhomopo anatchingapo nyanda yofiira ija. Anamva mawu onse ali kuseri kwake, ndipo anasangalala mpaka kulira.

Ali choncho anamva kugogoda pawindo la kuseri. Anali Nabbosa, mtolo wa zovala uli pamutu, mphika uli m'khwapa, atanyowa.

"Iwe, chinkhoswe chayamba kalekale, nthungululu zako zili kuti? Nanga katunduyu?" anafunsa Nanteza.

"Abwera kwanga," anatero Nabbosa, ndipo kanali koyamba kuti Nanteza amumve akulankhula motsitsa. "Mvula ya m'mawayi yawathamangitsa kusitolo kuja. Sajeni akuti ine ndi amene ndinaona imfa ili pa iye, ndiye akufuna kukhala pamalo pa munthu wa maso. Zipinda zonse zitatu. Anditulutsa ndi ulemu wonse, mpaka kunditcha mayi."

Nanteza anafuna kuseka, ndipo anasekadi pang'ono, koma kusekako kunamuwawa pachifuwa. Nyumba yake inali itabwerera, inde, koma katundu amene anamutula uja anangogwera pamutu pa mnzake.

"Ndikanadziwa ndikanatseka pakamwa pangapa," anatero Nabbosa.

"Ukanatseka, mwana wanga sakanakwatiwa lero. Alendo akachoka ulowe muno, tigona limodzi."

"M'nyumba yopanda zitseko, ndizimva a Buyungo akuliza mkonono? Ndine wamasiye ine, ndisiyire ulemu wanga. Khitchini ija ilipo?"

Kuchipinda chochezera anthu anaombera m'manja, ndipo wina anafunsa kuti kodi mayi wa mawu uja ali kuti. Nanteza anatambasula manja pawindo, nalandira mphika wa mnzakeyo.

"Ilipo. Mphasa uyale kumanzere kwa mafuwa, kumanja kumadontha. Beseni ndalisiya pakhomo pomwepo. Tsitsa mtolowo, upukute kumaso, ukamululutire mwana wanga."